Ngati ngolo nayo ikukoka ng'ombe, imayenda bwanji? Malamulo atatu a Newton m'kalasi

Pali funso limene limasowetsa chonena ophunzira ambiri a fizikisi, ngakhale amene masamu sawavuta. Ng'ombe ziwiri zili m'goli, zikukoka ngolo. Buku likuti ng'ombe zikakoka ngolo, ngoloyo nayonso imakoka ng'ombezo chakumbuyo ndi mphamvu yofanana ndendende. Nanga ngati mphamvu ziwirizi n'zofanana koma zalunjika kosiyana, bwanji sizithetsana n'kusiya ngolo ili chiimire? Chonsecho tsiku lililonse timaona ngolo zikuchokera kumunda zitadzaza matumba. Mwana wofunsa funsoli waganiza bwino, ndipo sayenera kungouzidwa kuti aloweze. Yankho lili m'lamulo lachitatu la Newton, koma kuti tikafikeko tiyambe ndi mawu amodzi amene amatisokoneza tisanatsegule n'komwe buku.

Mawu akuti "mphamvu"

Timati munthu uyu ndi wamphamvu, batire latha mphamvu, injini ili ndi mphamvu. Buku la ku sekondale, limene limakhala la Chingerezi, limagawa zimenezi patatu: force, energy ndi power, chilichonse ndi muyeso wake. Mwana akamva mphunzitsi akutchula zonsezi kuti mphamvu, amaganiza kuti force ndi chinthu chokhala m'kati mwa mpira ngati madzi m'ndowa, chimene chimatha pang'onopang'ono mpaka mpirawo kuima. Maganizo amenewa ndiwo gwero la zolakwika zambiri.

Force ndi kukankha kapena kukoka basi, ndipo kumachitika pakati pa zinthu ziwiri. Kuli ngati moni wa pamanja: munthu sangagwirane chanza yekha. M'nkhani ino tikati mphamvu tikutanthauza kukankha kapena kukoka kumeneku. Mphunzitsi angachite bwino kuzoloweza ana kuti akatchula mphamvu azimaliza chiganizo chonse: chikukankha n'chiyani, ndipo chikukankhidwa n'chiyani.

Muyeso wake ndi newton, timalemba N. Tomato wa magalamu 100 ali m'dzanja amakanikiza dzanjalo ndi pafupifupi 1 N. Mawu ena osokoneza ndi akuti kulemera. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likhalabe la makilogalamu 50 kulikonse kumene lingapite. Imeneyo ndi mass, kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'menemo. Koma weight ndi mphamvu imene dziko likukokera thumbalo pansi: 50 kuchulukitsa ndi 9.8, yankho 490 N. M'kalasi nthawi zambiri amagwiritsa ntchito 10 m'malo mwa 9.8 kuti masamu aphweke. Kumwezi thumba lomwelo lingakokedwe ndi pafupifupi 80 N chabe, chimanga chake osachepa ndi njere imodzi yomwe.

Lamulo loyamba: kuyenda sikufuna wokankha

Lamuloli likuti chinthu choima chikhalabe chiimire, ndipo choyenda chipitirizabe kuyenda molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha mphamvu zochokera kunja zitaposana. Gawo loyambalo aliyense amalivomereza. Lachiwirilo ndilo limaoneka ngati bodza, chifukwa wilibala ukasiya kuikankha imaima.

Aristotle wa ku Greece, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 BC, anaphunzitsa zomwezo: chokankhidwa chimayenda wokankha akadalipo. Maganizo akewo anakhala zaka pafupifupi 2,000. Pakati apa John Philoponus wa ku Alexandria, kenako Ibn Sina wa ku Persia ndi Jean Buridan wa ku Paris, anati mwala ukaponyedwa umanyamula kanthu kena m'kati kamene kamauyendetsa. Ana ambiri lero amafika m'kalasi ali ndi maganizo ofanana ndi amenewa, popanda wowaphunzitsa, chifukwa ndi zimene maso amaona.

Galileo Galilei wa ku Italy ndiye anatembenuza funsolo. Ankagubuduza timipira pamatabwa opendekeka. Kampira kakatsika pathabwa limodzi n'kukwera lina, kamafika pafupifupi msinkhu umene kanayambira. Ukagoneka pang'ono thabwa lachiwirilo, kamayenda mtunda wautali kufunafuna msinkhu womwewo. Nanga ukaligoneka kotheratu, thabwalo n'kukhala losalala kwenikweni? Kampirako kalibe chifukwa choimira. Choncho funso loyenera si lakuti "chikuyendetsa n'chiyani?" koma "chikuimitsa n'chiyani?" Chimene chimaimitsa wilibala ndi kukhulana kwa teyala ndi nthaka komanso kwa zitsulo pa ekiselo, chimene mabuku amati friction. René Descartes analemba mu 1644 kuti kuyenda kosasokonezedwako kumakhala kolunjika, ndipo Isaac Newton wa ku England anakuika patsogolo pa malamulo ake atatu m'buku la Principia la 1687, limene Edmond Halley analipirira kuti lisindikizidwe.

Chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1 chinanyamuka mu 1977, ndipo lero chikuyendabe pafupifupi makilomita 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo. Koma zitsanzo zapafupi ziliponso. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi timati taponyedwa kutsogolo, pamene palibe chatiponya: galimoto yaima, matupi athu akupitirira. Mlimi khasu likamagwedera amamenyetsa mutu wa mpini pamwala. Mpini umaima pomwepo, chitsulo n'kupitirira kulowa m'bowo. Kukuntha fumbi pamkeka n'chimodzimodzi. Kusafuna kusintha kayendedwe kumeneku ndiko inertia, ndipo kumakula mass ikamakula.

M'kalasi, ikani kakhadi kolimba pakamwa pa tambula, ndalama yachitsulo pakati pa kakhadiko, ndipo kakantheni ndi chala cham'mbali. Ndalama imagwera m'tambula. Zikakanika, chifukwa chimakhala chimodzi mwa ziwiri: chala chakankhira kakhadi m'mwamba n'kuiulutsa ndalamayo, kapena mwakoka pang'onopang'ono, kukhulana n'kupeza nthawi yoitenga ndalama limodzi ndi khadi.

Mfundo imene imafunika kuibwereza ndi iyi: basi yoyenda pamsewu wolunjika pa makilomita 80 pa ola, osawonjeza osachepetsa, mphamvu zoikankhira kutsogolo n'zofanana ndi zoibwezera kumbuyo. Ophunzira ambiri amajambula muvi wakutsogolo wautali kuposa wakumbuyo. Ukanakhala wautali, liwiro likanakhala likukwera.

Lamulo lachiwiri: mphamvu imasintha liwiro

Mukaphatikiza mphamvu zonse zimene zikukankha kapena kukoka chinthu chimodzi, yotsalayo ndi imene imasintha kayendedwe kake. Kusinthako kukhoza kukhala kuwonjezera liwiro, kuchepetsa, kapena kukhota, ndipo zonsezi dzina lake ndi acceleration. Timalemba F = ma, kutanthauza kuti mphamvu yotsala (F) ndi mass (m) kuchulukitsa ndi acceleration (a). Newton mwini wake sanalembe chotero; iye ananena za kusintha kwa kayendedwe m'mawu, ndipo kalembedwe ka masamu kamene timagwiritsa ntchito kanakhazikika ndi Leonhard Euler cha m'ma 1750.

Wakabaza amalidziwa lamuloli m'miyendo. Iye ndi njinga yake akhale makilogalamu 80, ndipo mphamvu yotsala ikhale 80 N: liwiro likukwera ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse. Akakweza munthu ndi katundu zonse n'kukwana makilogalamu 160, mphamvu yomweyo imangopereka theka.

Kuyesa kwake kumafuna kagalimoto koyenda bwino, thabwa losalala lopitirira mita imodzi, kawilo ka chingwe kumapeto kwa tebulo, ulusi wolimba, tizitsulo ta magalamu 10 kapena 20, ndi wotchi ya pafoni. Kagalimoto, tizitsulo ndi chopachikira chake zonse pamodzi zikwane kilogalamu imodzi. Mukapachika magalamu 20 kuulusi, mphamvu yokoka ndi 0.2 N, ndipo kagalimoto kayenera kutha mita imodzi m'masekondi pafupifupi 3.2. Ndi magalamu 40 katenga 2.2, ndi magalamu 80 katenga 1.6. Acceleration mumaipeza pochulukitsa mtunda ndi 2 n'kugawa ndi nthawi yochulukitsidwa ndi yokha.

Zimene zimawononga zotsatira n'zodziwika. Choyamba, anthu amatenga tizitsulo towonjezera m'bokosi m'malo motichotsa pakagalimoto. Tizitsulo topachikidwa natonso tikuyenda, choncho ndi gawo la mass yonse. Tizingosamuka kuchoka pakagalimoto kupita kuulusi. Chachiwiri ndi kukhulana: tsamiritsani thabwa pabuku kumbuyo kwake mpaka kagalimoto, kakakankhidwa pang'ono popanda ulusi, kaziyenda osawonjeza liwiro. Chachitatu ndi chala cha wogwira wotchi, chimene chimachedwa ndi pafupifupi 0.2 ya sekondi. N'chifukwa chake ndi bwino kugwiritsa ntchito tizitsulo topepuka kuti ulendo utalike, ndi kubwereza katatu n'kutenga chapakati.

Lamulo lomweli ndilo limafotokoza lamba wa m'galimoto. Munthu wa makilogalamu 60 ali pa makilomita 72 pa ola, ndiwo mamita 20 pa sekondi. Akaimitsidwa ndi chinthu cholimba m'kati mwa 0.02 ya sekondi, thupi lake lilandira 60,000 N. Akaimitsidwa m'kati mwa 0.2 ya sekondi lilandira 6,000 N. Liwiro lotayika n'limodzimodzi, chasintha ndi nthawi. Goloboyi akamabweza manja powakha mpira, kapena mwana akamapinda mawondo podumpha mumtengo wa mango, akutalikitsa nthawi yomweyi.

Lamulo lachitatu: mphamvu ziwiri, zinthu ziwiri

Chinthu A chikakankha chinthu B, B nacho chimakankha A ndi mphamvu yofanana, chakosiyana, nthawi yomweyo. Mabuku amati action ndi reaction, ndipo mawuwa amasocheretsa, chifukwa amamveka ngati wina wayamba, mnzake n'kubwezera. Palibe woyamba. Pogwirana chanza palibe dzanja limene limakhudza linzake lisanakhudzidwe.

Mphamvu ziwiri zikakhala zapawiri za lamulo lachitatu zimakhala zofanana kukula, zolunjika kosiyana, zamtundu umodzi, ndipo chachikulu koposa, zimagwera pa zinthu ziwiri zosiyana. Mphamvu zimathetsana pokhapokha zikagwera pa chinthu chimodzi. Ngongole ya munthu wina siichepetsa ndalama za m'thumba mwako.

Tsopano tibwerere kungolo ija, umene ndi msampha woyamba. Jambulani ngolo payokha ndipo muikepo mivi ya mphamvu zokhazo zimene zikugwera pa iyo. Ngolo ndi katundu ikhale makilogalamu 500. Ng'ombe zikuikoka ndi 600 N kutsogolo, kukhulana kukuibweza ndi 500 N. Yotsala ndi 100 N, kugawa ndi 500, acceleration ndi 0.2, kutanthauza kuti liwiro likukwera ndi mamita 0.2 pa sekondi, sekondi iliyonse. Kukoka kwa ngolo pa ng'ombe kulibe malo pachithunzi chimenechi, chifukwa sikukugwera pangolo.

Kenako jambulani ng'ombe pazokha, zonse ziwiri makilogalamu 800. Ngolo ikuzikokera kumbuyo ndi 600 N, monga lamulo likunenera. Chikuzipititsa kutsogolo n'chiyani? Ziboda zikukankha nthaka chakumbuyo ndi 760 N, ndipo nthaka ikukankha zibodazo chakutsogolo ndi 760 N. Yotsala pang'ombe ndi 160 N, kugawa ndi 800, yankho ndi 0.2 yomwe ija. Choncho chimene chikuyendetsa zonse ndi nthaka. Woyendetsa ngolo aliyense amadziwa zimenezi nthawi ya dzinja: ng'ombe zomwezo, zonenepa bwino, pamatope oterera zimangopalasa, ngolo osasuntha. Mpikisano wokoka chingwe nawonso amaupambana ndi mapazi. Magulu onse awiri amakokana mofanana, koma limene ladzika bwino zidendene pansi ndilo nthaka ikulikankha kwambiri.

Msampha wachiwiri ndi wa thumba la chimanga lili patebulo. Funsani kalasi kuti mnzake wa weight ya thumbalo ndi uti, ambiri ayankha kuti ndi kukankha kwa tebulo. Ayi. Mphamvu ziwirizo zonse zikugwera pathumba, ndipo n'zamitundu yosiyana: ina ndi kukoka kwa dziko, ina ndi kukhudzana. Zimafanana chifukwa thumba laima, zomwe ndi nkhani ya lamulo loyamba. Mphamvu zilipo zinayi. Dziko likukoka thumba, thumba likukoka dziko. Tebulo likukankha thumba m'mwamba, thumba likukanikiza tebulo pansi. Njira yosaphonya ndi kutembenuza chiganizo: "dziko likukoka thumba" chikatembenuzidwa chimakhala "thumba likukoka dziko", tebulo mulibemo. Tebulo litathyoka, thumba lingagwe likukokabe dziko ndi 490 N, koma dziko, la makilogalamu okwana 6 wotsatidwa ndi maziro 24, silingaonetse kusuntha.

Kuti ana aone kuti weight ndi kukankha kwa pansi sizifanana nthawi zonse, mmodzi aime pasikelo yopimira anthu n'kunjuta mofulumira. Muvi umatsika kaye, kenako umakwera kupitirira kulemera kwake, n'kubwerera pamalo. Dziko silinasinthe kakokedwe. Chasintha ndi kukankhana kwa mapazi ndi sikelo.

Msampha wachitatu ndiwo wovuta kuuchotsa m'mutu. Lole ya makilogalamu 20,000 yagundana ndi minibasi ya makilogalamu 2,000. Yamenya mwamphamvu ndi iti? Pafupifupi aliyense amati lole, popeza minibasi ndiyo yaphwanyika. Koma mphamvu n'zofanana. Zikakhala 100,000 N mbali zonse, acceleration ya lole ndi 5 pamene ya minibasi ndi 50, kuwirikiza kakhumi, ndipo okwera m'minibasi ndiwo amalandira kusintha koopsako. Chofanana ndi mphamvu. Zotsatira zake zimadalira mass ndi kulimba kwa chinthu chilichonse.

Apa kufotokoza kokha sikukwanira, ana ayenera kuona manambala. Kolowekani masikelo awiri a sipuling'i, mbedza kumbedza. Mwana wamkulu thupi agwire ina, wamng'ono agwire inzake. Asanakoke, aliyense m'kalasi alembe zimene akuyembekezera. Uzani wamkuluyo akoke, wamng'onoyo angogwira. Masikelo onse asonyeza chimodzimodzi. Ayese kuti ina isonyeze 10 N inzake 5 N, alephera. Chenjezo ndi lakuti masikelo amenewa anapangidwa kuti azilendewera, choncho mukawagoneka cham'mbali ziro wake amasuntha pang'ono. Akonzeni ali chogona musanayambe, apo ayi kusiyana kwa theka la newton kudzatsimikizira ana zolakwika zimene anabwera nazo. Kumene kulibe masikelo, timalabala tiwiri tofanana tomangirizana timatanuka mofanana, ndipo lula imatha kuyeza.

Roketi imakankha chiyani?

Wopalasa bwato amakankha madzi ndi nkhafi, madzi n'kukankha bwato. Ukadumpha kuchoka m'bwato kupita kumtunda, bwatolo limathawira kumbuyo. Koma kunja kwa dziko kulibe madzi kapena mpweya. Pa 13 January 1920 nyuzipepala ya The New York Times inanyoza Robert Goddard, katswiri wa maroketi wa ku America, ponena kuti roketi singayende kumene kulibe choti ikankhe. Inadzavomera kulakwa pa 17 July 1969, tsiku lotsatira kunyamuka kwa chombo cha Apollo 11 kupita kumwezi. Roketi imakankha mpweya wotentha umene yanyamula yokha, mpweyawo n'kukankha roketi. Mpweya wakunja umangoichedwetsa.

Chibaluni chimaonetsa zimenezi. Lowetsani ulusi wosalala wa mamita asanu m'kapaipi komwera zakumwa, mangani ulusiwo pakati pa mipando iwiri mokunga kwambiri, matani chibaluni chopopa pansi pa kapaipiko ndi tepi malo awiri, n'kutaya kukamwa kwake. Ulusi ukakhala wolendewera kapaipi kamakodwa, ndipo kukamwa kwa chibaluni kukapanda kulunjika motsatira ulusi chimangozungulira. Chibaluni chachitali chimayenda bwino kuposa chobulungira. Koma dziwani kuti chiwonetserochi chikuchitikira mumpweya, ndiye mwana akhoza kunenabe kuti chikukankha mpweya wa m'kalasi. Mwana atakhala pampando wamateyala n'kuponya thumba lamchenga kutsogolo, iye n'kubwerera m'mbuyo, amatseka mpata umenewo.

Zimene sizinathe kukambidwa

Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku America anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, a mafunso opanda masamu, ndipo anaonetsa kuti ophunzira ambiri okhoza kuwerengera F = ma amayankhabe kuti lole imamenya kwambiri. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira opitirira 6,000 n'kupeza kuti m'makalasi amene ana amalosera, kukambirana ndi kuyesa, kumvetsa kunakwera kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kumene amangomvetsera. Koma njira imeneyi imadya nthawi, ndipo mphunzitsi wa kalasi yodzaza, yopanda labotale, amene silabasi ya MSCE ikumuthamangitsa, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti nthawiyo aitenga kuti.

Pali kusagwirizananso pa dongosolo. Ena amati lamulo lachitatu liziyamba, chifukwa ndilo limafotokoza kuti mphamvu n'chiyani. Ena amati mwana asanadziwe kujambula mphamvu za pachinthu chimodzi, za pazinthu ziwiri zimusokoneza. Ena akufuna mawu akuti action ndi reaction achoke m'mabuku, pamene anzawo akuti mwana akakumana nawo pamayeso ayenera kukhala atawazolowera.

Za chiyankhulo nazo zikadali poyera. Kufotokoza m'Chichewa kumafikitsa mfundo pamtima, koma mayeso amalembedwa m'Chingerezi, ndipo sitinagwirizane mawu osiyanitsa force ndi energy, kapena mass ndi weight. Tipange mawu atsopano, tibwereke achingereziwo, kapena tizigwiritsa ntchito aneni okha akuti kukankha ndi kukoka?

Pomaliza pali funso la malire a malamulowa. Amagwira ntchito pomanga milatho ndi poulutsa ndege, koma zinthu zikayandikira liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, pamafunika zimene Albert Einstein anatulutsa mu 1905, ndipo m'kati mwa atomu mumafunika malamulo enanso. Ngakhale m'minibasi imene ikukhota, wokwera amamva ngati akukankhidwira kuchitseko pamene palibe chikumukankha, chifukwa malamulo a Newton amalembedwa kuchokera kwa woonera amene kayendedwe kake sikakusintha. Aphunzitsi ena amafuna mwana wa Fomu 3 amve zimenezi msanga, kuti adziwe kuti lamulo la sayansi lili ndi polekezera. Ena amati ziyembekezere kaye mpaka mwanayo atatha kujambula ngolo payokha ndi ng'ombe pazokha popanda kusakaniza mivi.